Kwa Nangozo, za ana atatu a pakhomo pako

Lizulu, Ntcheu

Wokondedwa mwana wanga Nangozo,

Ndinafika bwino kuno ku Lizulu, ndipo bambo ako akupereka moni kwa iwe, kwa apongozi ndi kwa ana onse. Pali nkhani imene ndinalephera kuyankhula pa masiku asanu amene ndinakhala kwanu ku Dedza, chifukwa nyumba ndi yaing'ono ndipo ana amamva zonse, choncho ndaona kuti ndi bwino ndikulembere.

M'mawa uliwonse ndinkaona Mphatso, mwana wobereka iwe, akudzuka kusanache kukoleza moto pambaula, kutsuka mbale za usiku ndi kusesa pabwalo, pamene Tadala, yemwe ndi wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri, ali chikhalire kudikira madzi osamba. Chikondi naye mbale yake amaisiya pomwe wadyerapo. Tsiku lomwe ndinapempha Tadala kuti andithandize kusankha nyemba, iwe unathamanga kudzamulanda lichero, n'kunena kuti usankha wekha. Ndinamuyang'ana mwanayo kumaso, ndipo sanasangalale. Anabwerera kuchipinda mwakachetechete ngati munthu amene wauzidwa kuti kukhitchiniko si kwawo.

Ndikudziwa kuti ukuchita zimenezi chifukwa cha mantha. Ana awiriwa, Tadala ndi Chikondi, unawapeza mayi awo atamwalira, ndipo atsibweni awo a ku Bembeke, amene ndiwo eni mbumba, anangolola kuti akhale ndi bambo awo chifukwa cha sukulu, moti maso a kuchikazi ali pa iwe. Ukuopa kuti tsiku lina mbiri idzafika kumeneko yoti mayi wowapeza wawasandutsa antchito. Manthawo sindikuwanyoza, pakuti nkhanza zotere ndinaziona ndi maso anga. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, makalasi athu anadzaza ndi ana amene kale sankaoneka kusukulu. Ine ndinkaphunzitsa sitandade 3 cha ku Tsangano, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chisanu chikuluma, ana amene ankafika belu litalira kale, diresi litanyowa ndi madzi a m'ndowa, ambiri anali amasiye kapena okhala ndi makolo owapeza. Kamtsikana kena kanandiuza kuti ndowayo sinkamulemera, koma chinkamuliza n'chakuti iye akamapita kuchitsime, anzake a m'nyumbamo amakhala akadali m'bulangete.

Pakhomo pako amene akudzuka anzake ali m'bulangete ndi Mphatso. Pothawa tsankho limene anthu amalidziwa, wagwera m'tsankho lina. Mphatso sangakuuze, koma akuwerenga mbale zimene akutsuka, ndipo mkwiyo wakewo sadzaupereka kwa iwe, adzaupereka kwa Tadala. Koma amene ndikumudandaula kwambiri ndi Tadalayo. Kwathu kuno amene timamutengera madzi kubafa ndi mlendo, pamene wapakhomo amatumidwa, amalakwitsa, amadzudzulidwa, mawa n'kutumidwanso. Mwanayo ali ndi zaka 12, chaka chamawa alemba mayeso a Maneb a sitandade 8, ndipo akadzasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, palibe adzamuchapire yunifolomu. Atsibweni omwe ukuwaopawo akadzamuona patchuthi akulephera kuvundula nsima ya anthu anayi, adzanena kuti sunamuphunzitse chifukwa si wako, ndipo pamenepo sudzakhala ndi poyankhira.

Anthu amakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mbali yachiwiri ya mwambiwu ena amaimva ngati chilolezo chodyera thukuta la mwana wa eni, ndipo ine sindiikonda. Ndimagwira mbali yoyambayo, chifukwa mwana amene ndi wako umamuphunzitsa.

Usayambe wekha. Ukhale pansi ndi amuna ako usiku ana atagona, mugwirizane, ndipo mawa lake akhale iwowo owauza ana onse atatu pamodzi kuti aliyense ali ndi gawo lake pakhomo. Mawu akachokera kwa bambo awo, Tadala ndi Chikondi sadzawamva ngati lamulo la mayi wowapeza. Pogawa ntchitozo muyang'ane msinkhu ndi mphamvu za mwana, osati mimba imene anabadwamo. Chidebe cha malita 20 chikadzaza chimalemera makilogalamu 20, katundu amene sayenera khosi la mwana wa zaka 9 kapena 10, choncho achepetsereni madziwo kapena anyamule awiriawiri. Atsikanawo azisinthana sabata ndi sabata, wina kumbale wina kutsache, kuti pasapezeke ntchito imene yasanduka dzina la mwana mmodzi. Chikondi asathawe chifukwa choti ndi mnyamata. Angathe kusenda kachewere, kuyanika mbale pathandala, kutsekera nkhuku ndi kuchapa masokosi ake. Mchimwene wako ndinamulekerera pamenepa, ndipo ukudziwa wekha m'mene anavutikira atayamba kukhala yekha ku Lilongwe.

Ndi Tadala uyende pang'onopang'ono, chifukwa kutuma ndi kuphunzitsa ndi zinthu ziwiri. Umuitane kuti mudzaphike limodzi, umusiyire mthiko, umuonetse kuti phala liyenera kuwira mokwanira asanawonjezere ufa, ndiponso m'mene amagwirira mphika kuti usaterereke. Nsima yake yoyamba idzakhala ya mibulu, monga inalili yako, ndipo mudzaidye yonse popanda womuseka. Ukaona kuti akusadzula nkhwani kapena kuthira nsinjiro mwanjira ina, usafulumire kumukonza, pakuti mwina ndi m'mene ankachitira malemu mayi ake, ndipo zimene anasiyiridwa n'zochepa. Umufunse akuonetse, tsiku lina uphike mwanjira yakeyo. Pakamwa pako pasadzatuluke mawu oti mayi ake sanamuphunzitse, ngakhale atakukwiyitsa chotani. Ntchito isakhalenso chilango, chifukwa mwana amene amakolopa pokhapokha walakwa amakula akudana ndi chikolopa. Akanyozera, m'miyezi yoyambayi uwasiyire bambo ake ndiwo amudzudzule, ndipo Mphatso akanyozera mofananamo alandire chidzudzulo chofanananso, anzakewo akumva.

Unandiuza kuti masiku ano ana ali ndi ufulu, ndipo ukuopa kuti wina angakunenere. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, koma silikhudza ntchito zimene mwana amathandiza kunyumba kwawo. Malire ake ndi oonekeratu: mwana asachedwe kapena kujomba kusukulu chifukwa cha mbale, asagone mochedwa, apeze nthawi ya homuweki ndi ya masewera, ndipo chakudya asamanidwe chifukwa ntchito sinathe.

Za ku Bembeke, musadikire kuti akamve kwa anthu. Amuna ako apite okha, kapena atume ankhoswe, akawafotokozere atsibweniwo kuti mdzukulu wa mbumba yawo wayamba kuphunzira kuphika ndi kuchapa, ndipo ntchitozo akugawana mofanana ndi mng'ono wake. Ngati kuli azakhali kapena agogo amene akufuna kumuphunzitsako zina patchuthi, muwalole ndi mtima woyera.

Sukulu zikatsekera uwatumize kuno onse atatu, usasiyeko mmodzi. Uwakweze minibasi ya m'mawa, ine ndidzawadikira pamsika wa Lizulu. Kudimba kuli kabichi wofuna kuthirira, ndipo chimera ndanyika kale, moti atsikanawo ndidzawaphunzitsa kuphika thobwa tsiku limodzi, pamphika umodzi. Uwalongedzere majuzi, kuno kukuzizirabe.

Ndine mayi ako,
Naphiri