Jezi ya Contreras idakali pampando

South Bend, Indiana
29 Januwale 2023

Achimwene,

Khadi lanu la Khirisimasi lafika Lachinayi lapitali, anthu atatsitsa kale magetsi a m'makonde. Kaya linayamba ladzera ku Ntcheu kukapereka moni. Mwalembamo mizere itatu yokha, umodzi ndi wondiseka: "Nanga Contreras wanu uja?" Mtima wanu sunasinthe ndithu. Ndati ndikuyankheni papepala, chifukwa pa WhatsApp mumangoponya tinkhope toseka n'kusowa masabata awiri.

Eya, Willson Contreras wapita, wachoka ku Chicago Cubs, timu yathu ya baseball. Akanapita kwina kulikonse ndikanameza malovu n'kukhala chete, koma wapita ku St. Louis Cardinals, zaka 5, madola 87.5 miliyoni. Inu a Manoma mukumva bwino ululu wake: kaputeni wa Wanderers kuvula buluu madzulo, m'mawa n'kutulukira ku Maule atavala zofiira. Mitundunso ndi yomweyo, ife buluu iwo zofiira. Akukalowa m'malo mwa Yadier Molina, amene wapuma atanjuta zaka 19 kumbuyo kwa home plate, pamalo a wowakha mipira ya woponya. Chondiwawa kwambiri n'choti mu Julayi tinalira naye. Aliyense ankati amugulitsa, ndiye pa gemu ija ya ku Wrigley, bwalo la Cubs, anakumbatirana ndi mnzake Ian Happ misozi ili chuchuchu, bwalo lonse litaimirira. Tsiku lotseka msika linafika n'kudutsa, munthu osagulitsidwa. Tinakhuza maliro mwiniwake ali moyo, kenako mu Disembala anangonyamuka yekha.

Tsono vuto ndi jezi. Ya nambala 40 ija, imene munandikakamiza kugula inu nomwe, mukuti mnyamata womenya home run, mpira wodumpha mpanda wa bwalo, pa mpira woyamba umene anaponyeredwa mu ligi yaikulu sangatichoke. Ili pampando wa kuchipinda chiyambire Disembala. Mayi a Tadala akuti ndiiponye m'thumba la zovala zokapereka. Ndawauza kuti ulendo wa thumba limenelo ndikuudziwa. Lilowa m'belo, belo likwera sitima yapamadzi, lidzadulidwa ku Tsoka Loweruka m'mawa. Kenako wakabaza wina adzakhala akupalasa pa Dedza ndi dzina la CONTRERAS kumsana, osadziwa kuti wabereka munthu wothawa kwawo. Ndipo ndidzaizindikira, chifukwa ili ndi banga la masitadi pachifuwa limene linakana sopo aliyense. Mlamu wanu Yohane, mmene amakondera kujambula zilizonse, adzanditumizira chithunzi pagulu la mpingo, anthu onse aone. Usiku wina ndinalota zimenezi, wakabazayo atandinyamula ineyo, ndikuwerenga dzinalo ulendo wonse mpaka ku Linthipe.

Obwera alipo, ndisaname. Wamkulu ndi Dansby Swanson wochokera ku Atlanta, shortstop (woima pakati pa second base ndi third base), zaka 7, madola 177 miliyoni. Musayerekeze kuzisintha m'makwacha, ine ndinayesa, foni inayamba kulemba zilembo m'malo mwa manambala. Anatenga chikho chachikulu cha World Series ndi Atlanta Braves mu 2021, ndipo mu Disembala momwemu wakwatira Mallory Pugh, womenya mpira wamiyendo ku Chicago Red Stars. Ndiye akamati wabwera chifukwa chokhulupirira tsogolo la timu, ine ndimangoti mkamwini watsatira mkazi kuchikamwini, monga mwa mwambo. Nico Hoerner amusunthira ku second base kuti apereke malo. Jameson Taillon wabwera kudzaponya kuchokera ku Yankees, zaka 4, madola 68 miliyoni. Ndiye pali Cody Bellinger. Munthu anali MVP, wosewera wopambana onse mu ligi yake, mu 2019, Dodgers n'kumutaya ngati chikwanje chobuntha atamenya .165 mu 2021 ndi .210 chaka chathachi, manambala osonyeza kuti kumenya mpira kwamukanika. Ife tamutola chaka chimodzi, madola 17.5 miliyoni. Akadzuka, adzachoka kukafuna ndalama zambiri kwina. Akapanda kudzuka, adzachokabe. Jezi yake sindigula.

Chimene sindikumvetsa ndi cha ku first base. Matt Mervis tinamuona ndi maso athu pano pa Four Winds Field, bwalo la South Bend Cubs, timu ya ana ya Cubs, kumayambiriro kwa sizoni, mnyamata amene sanasankhidwe n'komwe pa draft ya 2020, pamene matimu amasankha osewera atsopano. Anakwera masitepe atatu chaka chimodzi, South Bend, Tennessee, Iowa, ma home run 36. Ndimati basi chaka chino alowa. Akuluakulu apita kukatenga Eric Hosmer ndi Trey Mancini, onse a malo omwewo. Hosmer ndikumvetsa, malipiro ake ambiri akulipirabe a San Diego, ife tangotola ngati mango akugwa okha. Mancini ndimamulemekeza, munthu anadwala khansa ya m'matumbo mu 2020 n'kubwerera m'bwalo. Koma mwana waphika nsima yekha, alendo awiri n'kukhala pamkeka.

Winayo ndi Pete Crow-Armstrong, amene tinapatsidwa ndi Mets posinthana ndi katswiri wathu Javier Báez mu 2021. Zaka 20 zokha. Achimwene, mwanayu akamathamangira mpira pakati pa bwalo amakhala ngati anauzidwa dzulo kumene ukagwere. Iye ndi anzake anatipatsa chikho cha Midwest League mu Seputembala, ine ndi Tadala tinakuwa mpaka mawu kutha. Koma kusapota timu ya ana n'kulera nkhuku za eni. Akangonona amapita.

Zoti Tadala amutenga ku koleji ya unamwino mwamva kale kwa mayi ake. Kumudzi kolera yavuta, sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira, amayi ndimawaimbira tsiku lililonse kuwakumbutsa za madzi, iwo amangondifunsa ngati ndikudya.

Koma wotchi, achimwene. Wotchi ndi imene ikundisowetsa tulo kuposa jezi. Kuyambira sizoni ino ya 2023 woponya ali ndi masekondi 15 pakakhala palibe wothamanga pa base, 20 akakhalapo. Akachedwa, womenya amapatsidwa ball yaulere (akakwana ma ball anayi amapita ku first base ulere). Womenyayo naye azikhala atakonzeka wotchi isanatsike pa 8, apo ayi strike (akakwana atatu watuluka). Kuponyera ku first base kuopseza wothamanga ndi kawiri basi, kachitatu ukalephera kumugwira amasuntha ulere. Ma base awakulitsa, mainchesi 15 afika 18. Shift ija munkadana nayo, younjika otchinga mbali imodzi ya bwalo, yathetsedwa: awiri mbali iyi ya second base, awiri mbali inayo, onse mapazi padothi. Chimenechi chokha ndavomera, mwina Bellinger wamanzere uja mipira yake iyamba kudutsa.

Anzathu a ku Chicago akuzimva ngati nkhani, ife kuno wotchi tinakhala nayo chaka chonse chatha, poti amayesera pa ana. Magemu a ligi zazing'ono anafupika ndi mphindi pafupifupi 25. Aliyense akuti n'zabwino, ndipo pamapepala n'zabwinodi, gemu ya ligi yaikulu inkapitirira maola atatu. Koma ine tsiku lina ndinapita kukaima pamzere wa soseji, pobwera ndinapeza ma inning awiri, zigawo ziwiri za gemu, atapita, aPhiri atadya kale mtedza wanga. Kodi tinkathamangira kuti? Ife timakhala ndi wotchi kuntchito, wotchi pa basi, wotchi ngakhale kutchalitchi abusa akayang'ana kukhoma. Malo amodzi okha m'dziko lino amene munthu unkakhala ngati uli pakhonde kumudzi, kukamba nkhani n'kuisiya, n'kuitolanso, anali amenewa.

Mukuwakumbuka agogo aja a chipinda chakumapeto kuntchito kwathu, ankakutchulani kuti "the other one" aja? Zaka zonsezi ndikakhala pa shifiti yamadzulo ndinkawatsegulira wailesi kuti amve Pat Hughes, woulutsa magemu a Cubs. Pakati pa mpira uwu ndi winawo ndi pamene ankandiuza za bambo awo, za sitima ya South Shore imene ankakwera ali mwana kupita ku Chicago, za 1969 mmene timu inagwera kumapeto, nkhani imodzimodzi kakhumi. Masekondi 15 sakanawakwanira ngakhale kutchula dzina la Ernie Banks, katswiri wa Cubs wa nthawi imeneyo. Anatisiya mu Novembala. Za Contreras sanamve, komanso zoti Hughes wapatsidwa ulemu wa owulutsa mawu ku Hall of Fame sanamve, zinalengezedwa patangotha milungu yochepa. Chipindacho muli munthu wina tsopano, amaonera za nyengo tsiku lonse.

Ndinawerenga pa zala usiku wina. Rizzo ali ku Yankees, Bryant ku Colorado, Báez ku Detroit, Heyward amumasula wapita ku Dodgers, Contreras uyo. Pa osewera amene anatenga World Series mu 2016 watsala Kyle Hendricks yekha, naye phewa likumuvuta, kuphatikiza David Ross amene pano ndi kochi. Ndiye ndinawerenganso amene tinali m'chipinda chochezera kwa aPhiri usiku wa pa 2 Novembala uja, mvula itaimitsa gemu ku Cleveland, inu mutagwada pakapeti kupempherera timu imene munaidziwa chaka chomwecho, 8 kwa 7, zaka 108 zitatha. Tinalipo anthu 9. Inu muli ku Leeds, Chikondi ku Texas, aMbewe tinawaperekeza m'bokosi. Hendricks wa gulu limenelo ndine, ndi aPhiri amene sasiya mtedza wa mnzawo.

Tsono tamverani. Pa 24 ndi 25 Juni Cubs ndi Cardinals akudzasewera ku London, pa bwalo la West Ham, magemu amene analephereka mu 2020 aja. Contreras akubwera kwanuko atavala zofiira. Musandiuze za shifiti, muli ndi miyezi isanu yopempha tchuthi, ndipo sitima ya ku Leeds si South Shore. Jezi ndikutumizirani inu, ndinu munayambitsa. Mukaivale, mukakhale pamene angakuoneni, banga la masitadi kutsogolo. Kaya mukamukuwiza kaya mukamuwombera m'manja, ine sindinaganize bwino, tsiku lina ndimafuna ichi tsiku lina icho. Kungoti mmene khadi lanu layendera, ndikaitumiza mawa mwina ifika gemu itatha, komanso mtengo wa positi ndi umene ukundi

Pepala latha ndipo sinowo wayambanso, galimoto ndiyenera kuifukula isanakwane 10. Moni kwa alamu ndi ana.

Ine wanu,
Bambo a Tadala