Lymphoma ikabwerera, kafukufuku ayang'anenso za kuno kwathu

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za khansa ya lymphoma ya mtundu wa DLBCL, yomwe imatupitsa anabele ndipo imakula mofulumira. Mankhwala oyamba ndi R-CHOP, omwe ndi mankhwala asanu ophatikiza, operekedwa kasanu n'kamodzi, pakapita masabata atatu aliwonse. Ambiri amachira, koma kwa wodwala mmodzi mwa atatu alionse matendawa amabwerera kapena samva mankhwala n'komwe.

Ikabwerera chaka chisanathe, ndiye kuti ndi yovuta zedi. Odwala otere ndi amene kafukufuku wa ZUMA-7 anawayesa, anthu 359, poyerekeza njira yatsopano yotchedwa CAR-T ndi njira yakale ya mankhwala a khansa otsatiridwa ndi kuika maselo atsopano a m'mafupa. Pa CAR-T, madokotala amatapa maselo a chitetezo m'magazi a wodwala, n'kukawasintha ku labotale kwa masabata angapo kuti azisaka khansayo. Wodwala amalandira mankhwala a khansa a fludarabine ndi cyclophosphamide masiku atatu, kenako amamubwezera maselo aja. Patatha zaka zinayi, 55 pa 100 alionse olandira CAR-T anali moyo, pomwe mwa olandira njira yakale anali 46. Phindu lilipo, koma si chozizwitsa ayi. Kafukufuku wina, BELINDA, sanapeze kusiyana, ndipo ambiri amaloza chala kuchedwa kubwezera maselo kwa odwala. Mtengo wa CAR-T ukupitirira madola a ku America 370,000, ndipo thupi likatentha n'kutsika BP chifukwa cha maselowo pamafunika mankhwala a tocilizumab ndi bedi la ku ICU.

Kuno zimenezi kulibe, ngakhalenso kuika maselo atsopano a m'mafupa. Chotsala ndi mankhwala ngati cisplatin, ifosfamide ndi gemcitabine, ndipo apa mpamene zinthu zimalakwika. Cisplatin amawononga impso ngati wodwala sanapatsidwe madzi okwanira a m'diripi, makamaka amene akumwanso ma ARV okhala ndi tenofovir. Ifosfamide popanda mesna, mankhwala oteteza chikhodzodzo, amakodzetsa magazi. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwalawa, maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi, amatsika kwambiri. Thupi likafika madigiri 38 wodwala ayenera kulandira ma antibayotiki pasanathe ola. Nanga wa kumudzi, wodikira minibasi?

Komanso si mwanabele aliyense wotupanso amene ali khansa. TB imaoneka chimodzimodzi, choncho madokotala adule kanyama akayeze asanayambe mankhwala ena.

Chipatala cha Kamuzu Central ndi UNC Project, bungwe la yunivesite ya North Carolina ya ku America, akhala akutsatira odwala lymphoma kuyambira 2013. Opereka ndalama za kafukufuku awonjezere pamenepo, tidziwe mlingo womwe odwala athu angaupirire, komanso ngati gemcitabine ndi oxaliplatin, omwe safuna kugoneka munthu m'chipatala, angatithandize.

Ogwira ntchito za khansa,
Lilongwe