Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za madzi: tiyezereni bromine ndi ayodini m'mijigo ya ku Chigwa cha Shire

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Ngabu m'boma la Chikwawa, kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere mpaka amayi amaisiya n'kukatunga kumtsinje wa Shire, komwe kuli ng'ona. Pempho langa ndi lakuti akatswiri a unduna wanu akamatenga madzi m'mijigo ya ku Chikwawa ndi Nsanje, aziyezamonso bromine ndi ayodini, zomwe ndi mankhwala achilengedwe opezeka pang'ono m'madzi.

Bromine ndiye angatiuze kumene mcherewu ukuchokera. M'madzi a m'nyanja zazikulu chloride, yemwe ndi gawo lalikulu la mchere, amaposa bromine pafupifupi ka 290 pa kulemera kwake, pamene m'madzi amene asungunula mchere wouma wa pansi pa nthaka amamuposa koposa ka 1,000. Wodziwa kusiyana kumeneku amatha kulangiza okumba kuti alekeze pati, m'malo motaya ndalama za boma pa mjigo umene anthu sadzamwapo. Chinanso ndi chakuti pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, komanso namondwe wa Freddy atadutsa, tinalimbikitsidwa kuthira klorini m'madzi, ndipo palibe wanzeru amene angatsutse zimenezo. Komabe klorini akakumana ndi bromine m'madzi amene muli zinyalala zowola, pamapangika mankhwala ena monga bromoform, amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati asapitirire 0.1 mg pa lita. Kuyeza kudzathandiza kudziwa malo amene madzi ayenera kusefedwa kaye klorini asanathiridwe.

Za ayodini, dziko lathu linachita bwino kulamula kuti mchere wogulitsa ukhale ndi ayodini pofuna kuteteza anthu ku nthenda yotupitsa khosi ndiponso ana ku vuto la kusakula bwino kwa ubongo. Koma ayodini akachulukitsa amatupitsanso khosi, ndipo ku China, m'zigawo monga Hebei ndi Shandong, boma linasiya kugawa mchere wa ayodini m'madera amene madzi a m'zitsime anali naye wambiri kale.

Ndikupempha kuti madziwo azitengedwa kawiri pa chaka, m'chilimwe ndi m'dzinja madzi osefukira akaphwa, ndipo zotsatira zake ziperekedwe kwa makomiti a mijigo m'Chichewa ndi m'Chisena, zisathere m'mafayilo a ku Lilongwe.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma wa sayansi, Ngabu