Intaneti isasankhe chigawo kapena tsamba

Akonzi,

Intaneti iyenera kuyenda mofanana kwa Mmalawi aliyense, wa Kumpoto, Pakati kapena Kumwera, pa tsamba lililonse limene watsegula.

Ndimagulitsa zitenje ku Limbe. Bandulo ya WhatsApp ndimaikwanitsa, koma ndikangotsegula tsamba lofunsira ntchito mwana wanga, mayunitsi amatha ngati madzi m'dengu. Mchemwali wanga ku Chitipa, kuti andiimbire, amakwera pachulu kusaka netiweki. Zimandiwawa kumva andale akukamba za intaneti ngati chitukuko chopatsa kwawo kokha, kumene kuli mavoti awo.

Bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi intaneti, liletse makampani kukondera masamba ena pa mtengo ndi liwiro, ndipo ndalama za Universal Service Fund, thumba lothandiza kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera osowa, ziyambe kumanga nsanja kumene netiweki kulibiretu.

Wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre