Tiphunzitseni mmene akuba a pa foni amatibera

Akonzi,

Ndalemba kalatayi mtima ukadali kuwawa chifukwa cha zimene zinachitikira azakhali anga, amene amagulitsa kapenta ku Soweto Market. Mwezi watha munthu wina anawaimbira foni, mwaulemu kwambiri, ati ndi wa komiti ya kutchalitchi ndipo akukonza msonkhano wa amayi pa intaneti, ndiye kuti awalembetse awerenge tinambala 6 timene tabwera pa meseji. Azakhali anawerenga. Pasanathe ola WhatsApp yawo yapita, ndipo gulu lonse la chilimba linayamba kulandira mameseji oti ndili kuchipatala nditumizireniko K500 ndibweza mawa. Amayi atatu anatumiza.

Ine ndimaganiza kuti ma hacker ndi anthu a matsenga a kompyuta, mpaka mphwanga amene amaphunzira za makompyuta anandionetsa pa mafoni awiri patebulo. Wakubayo amangoika WhatsApp pa foni yake, nalemba nambala yanu, ndiye kodi yotsimikizira imabwera kwa inu mwini nambala. Iye sangaione, ndiye chifukwa chake amaimba n'kukunyengererani kuti mumupatse nokha. Basi, ukatswiri wake ndi pakamwa. Ndipo mukayatsa two-step verification, loko yachiwiri ya WhatsApp, mu ma setting, n'kuika PIN yanuyanu, ngakhale atenge kodi ija amakakamira panjira. Zinanditengera mphindi ziwiri kuyatsa, koma palibe anandiuzapo zaka zonsezi.

Anandionetsanso ma linki aja oti dinani apa mulandire mabando aulere, tsamba lake limaoneka ngati Facebook yeniyeni koma adiresi ya pamwamba ndi yachilendo, ukalemba pasiwedi wawapatsa kiyi. Ndiye poti ambirife pasiwedi ndi imodzimodzi paliponse, ndipo PIN ya mobile money ndi chaka chobadwa chimene tinalemba tokha pa Facebook, akatsegula chitseko chimodzi nyumba yonse ndi yawo.

Ena akuti kuphunzitsa anthu njirazi ndi kuphunzitsa ukawalala. Ine ndikukana. Akubawo anaphunzira kale, ndipo ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Kumbukirani mu April 2024 pamene a DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, pamodzi ndi apolisi anagwira anthu 77 pa kampani ina ku Roma muno mu Lusaka, anapeza ma SIM kadi oposa 13,000, ndipo achinyamata athu ankalembedwa ngati ogwira ntchito yoyankha mafoni, kumawapatsa zolankhula zolembedwa kale zonamizira anthu. Ngakhale Bank of Zambia ma hacker anaigogoda mu 2022. Nanga mayi wa pamsika amene foni yake anamutsegulira ndi mwana?

A ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, amayesetsa, ndipo pali *707# yonenerako nambala za akuba, koma uthenga wambiri umabwera m'Chingerezi komanso umangoti samalani. Kusamala chani ngati sudziwa mmene msampha umaonekera?

Pempho langa kwa inu akonzi, tipatseniko kadanga sabata iliyonse m'Chinyanja, mufotokoze msampha umodzi, mawu enieni amene wakuba amanena, ndi pomwe munthu ayenera kudula foni. Ine ndidzadula pepalalo n'kukawerengera amayi a chilimba Lachisanu, chifukwa mpaka lero awiri mwa atatu aja sakulankhulana ndi azakhali, akuganiza kuti ndalama anadya ndi iwo.

Wowerenga wanu,
Chawama, Lusaka