Ndili ndi zaka 41, ndibwerere kusukulu ndikaphunzire unesi wa matenda a maganizo?

Zikomo Gogo,

Tsamba lanu ndimawerenga pa foni sabata iliyonse olo ndili kutali, nde lero ndati nanenso ndikutulireni nkhawa yanga poti aliyense amene ndamufunsa kuno akungondikokera kwake.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Indiana kuno ku America. Kumudzi ndinali mphunzitsi wa sekondale, ndinaphunzitsa zaka 9. Nditafika kuno choko ndinachisiya, ndinapanga kakosi ka CNA (wothandizira manesi) ka masabata ochepa ngati mmene amachitira a Malawi ambiri, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba. Panopa ndimagwira shifiti ya usiku panyumba ina yosungirako anthu odwala maganizo. Mapepala anga ali bwinobwino, green card ndili nayo.

Chimene chandisokoneza mutu ndi mnyamata wina amene timamusamalira. Amamva mawu omwe ife sitimva, usiku onse amangoyendayenda mukhonde atatseka makutu ndi manja, chakudya osadya ati muli poizoni. Tsiku lina kunabwera mayi wina wachikulire ndithu, ine kumayesa ndi dokotala, kenako anzanga kundiuza kuti ayi ndi nesi, psychiatric nurse practitioner, kutanthauza nesi wa matenda a maganizo amene anaphunzira mpaka kuloledwa kulemba mankhwala. Mayi uja anakoka mpando nkukhala pambali pa mnyamata uja, osati kutsogolo kwake, anacheza naye nthawi yaitali osathamanga, anatifunsanso ife ausiku kuti amagona maola angati, kenako anamusinthira mankhwala. Patatha masabata angapo mwana uja anakhala patebulo nkudya ndi anzake. Ine ndinapita kubafa kukalira Gogo, chifukwa ndinakumbuka mlongo wanga. Iyeyo atayamba kudwala kumudzi tinkati amulodza, ena ankati ndi chamba, tinazungulira naye kwa asing'anga ndi kumapemphero pafupifupi chaka, nthawi zina atamangidwa chingwe m'manja, tisanaganize zopita naye ku Zomba Mental Hospital. Pano ali pa mankhwala ndipo amalima yekha munda wake. Chaka chija tinamutayitsa ndi ife chifukwa cha kusadziwa, mpaka lero chimandiwawa.

Nde ntchito imeneyi ndikuifuna ndi mtima onse. Koma njira yake ndi yaitali abale. Sungangodumphira, uyenera kukhala kaye nesi wa RN (registered nurse, nesi wa chiphaso chonse). Kwa ife amene tili ndi digiri ya zina pali pulogalamu yachangu ya BSN, digiri ya unesi, ya miyezi 12 mpaka 18, koma ndi yothina moti amakuuziratu kuti usamagwire ntchito. Usanalowe nkomwe amafuna anatomy, physiology, microbiology ndi zina, ine ziwiri zoyambazo ndakhoza kale ku koleji ya kuno ya Ivy Tech, ndimawerenga pa buleki 3 koloko m'mawa anthu akagona. Ukamaliza ulembe mayeso a NCLEX opezera chiphaso cha RN, ugwireko kaye mu wodi ya odwala maganizo, kenako masters zaka zina ziwiri kapena zitatu, mkati mwake maola osachepera 500 oona odwala pansi pa munthu wokuyang'anira, pomaliza mayeso a ANCC, bungwe lopereka satifiketi ya ntchitoyi. Ndawerengera pa kalenda, zonse zikayenda bwino popanda kulephera kapena kudwala ndidzamaliza ndili ndi zaka 47 kapena 48.

Funso langa lenileni ndi loti ntchito idzakhalapo nthawi imeneyo? Chifukwa ndikumva ziwiri. Bureau of Labor Statistics, ofesi ya boma yosunga ziwerengero za ntchito, imaika ma nurse practitioner m'gulu la ntchito zimene zikukula mwachangu kwambiri muno, malipiro apakati amapitirira madola 100,000 pachaka, ndipo nzoona kuti madokotala a maganizo ndi ochepa, ifeyo pantchito timaona odwala athu akudikira miyezi kuti aonedwe, makamaka kumatauni ang'onoang'ono. Koma ukalowa m'magulu a manesi pa Facebook nkhani ndi ina. Anthu akudandaula kuti masukulu a pa intaneti achuluka ndipo akutulutsa anthu ambirimbiri, m'mizinda ikuluikulu malo adzaza, olemba ntchito akufuna amene anagwirapo kale mu wodi zaka zingapo, osati wochokera kwina ngati ine. Enanso akuti sukulu imangokulandira fizi koma wokuyang'anira pa maola aja uzisakira wekha, ena mpaka kulipira kuti apeze. Komanso kuno ku Indiana nesi wotere kuti azilemba mankhwala amayenera kukhala ndi mgwirizano ndi dokotala, pomwe ku Arizona, Oregon kapena Washington amagwira payekha. Kodi ndiye kuti ndidzasamutsenso banja nditakalamba?

Bambo akunyumba sakukana, ndisawanamizire, ndi munthu wabwino. Koma akuti ndipange RN basi ndilekere pompo, ntchito ya RN sisowa, ngongole yake ndi yochepa, ndipo ndikhoza kugwirabe mu wodi ya odwala maganizo. Akuti mwana wathu woyamba akulowa koleji zaka zitatu zikubwerazi, tidzakhala ndi ngongole ziwiri za sukulu nyumba imodzi? Ndikaganiza ndimaona kuti akunena zoona. Chaka chimene ndidzakhale osagwira ntchito renti ndi mabilu zonse zidzagwera iwo, nanga amayi kumudzi amene amadikira ine pa feteleza ndi mankhwala a mlongo wanga uja akasowa kuchipatala, ndidzawauza chani? Tsiku lina tinakhala pa tebulo lakukhitchini ndi pepala ndi bolopeni mpaka pakati pa usiku, tikawonkhetsa apa pakuperewera, tikachotsa galimoto imodzi pakuperewerabe, mapeto ake tinangozimitsa magetsi osalankhulana.

Mnzanga wa kutchalitchi amene ndi nesi kale anandiuza mosabisa kuti ntchitoyi si ya kungocheza ndi anthu mokoma ngati mmene ndinaonera tsiku lija. Akuti pali masiku amene wodwala amakutukwana, pali oti wamuona lero mawa ukumva kuti wadzipha, ndipo dzina lolemba mankhwala ndi lako. Zimenezo sizikundiopsa kwambiri, ndagwira usiku zaka 6, ndalavuliridwapo, ndamenyedwapo mbama ndi munthu amene mawa lake anandipepesa akulira. Chimene chikundiopsa ndi kumaliza zonsezi, ngongole ili pakhosi, nkumangotumiza ma CV osayitanidwa chifukwa cha msinkhu kapena kalankhulidwe kanga ka Chingerezi.

Palinso china chimene sindinawauze bambo akunyumba. Mumtima mwanga ndimafuna tsiku lina ndidzabwerere kumudzi ndi maphunziro amenewa, ndikathandize olo ku Zomba, ku Bwaila kapena ku St John of God ku Mzuzu, mwina kuphunzitsa manesi achichepere poti uphunzitsi uli m'magazi. Mwina pakati pa owerenga anu pali manesi amene angandiuze ngati a Nurses and Midwives Council angalilandire pepala la kunoli, ndipo ndingakagwire ngati ndani.

Ndithandizeni Gogo. Ndimvere bambo ndipange RN kaye nkuona mmene zikhalire, kapena ndilimbe mtima ndiwauze kuti ine ulendo wanga ndi wofika kumapeto? Nanga amayi ndiwauze liti kuti ndalama ichepa? Kalasi ya microbiology ikuyamba Januwale ndipo mpaka pano sindinalipire.

Ine mwana wanu wothedwa nzeru,
Indiana, America