Achipatala azifunsa okalamba athu ngati adagwirapo ntchito kumigodi

A Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndidandaule za momwe achipatala ena akulandirira okalamba athu amene adathera unyamata wawo m'migodi ya golide ku Joni. Mwezi wathawu ndidaperekeza malume anga kuchipatala china m'boma lathu lino chifukwa cha chifuwa chosatherapo komanso befu amene amawagwira ngakhale pongoyenda kupita kudimba. Makhololo adayezedwa, TB sidapezeke, ndipo dokotala adawalembera mankhwala a chifuwa wamba n'kuwauza kuti azipita. Malumewo atayesa kufotokoza kuti adagwira ntchito yoboola miyala pansi pa nthaka m'masiku a TEBA, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, adayankhidwa kuti, "Zimenezo n'zakale, agogo, uku n'kukula chabe." M'buku lawo la kuchipatala simudalembedwe ngakhale liwu limodzi lokhudza mgodi.

Yankho limeneli landipweteka kwambiri, chifukwa ndi losemphana ndi zimene aliyense wophunzira za mapapo amayenera kudziwa. Mwala umene golide amapezekamo uli ndi fumbi losalala kwambiri la silika, ndipo likalowa m'mapapo silitulukanso. Limasiya zipsera zimene zimaumitsa mapapo pang'onopang'ono, mwakuti munthu amatha zaka 10, 20 kapena kuposerapo akuoneka wabwinobwino, matenda a silicosis n'kudzaonekera iye atabwerera kale kumudzi. Choncho kutalika kwa nthawi imene dokotalayo adaiona ngati chifukwa chotsekera nkhani ndi kumene kukadamuchititsa kukhala tcheru. Kuyeza makhololo kumene adachita kudali kofufuza kachilombo ka TB basi. Silicosis amaoneka pojambula chifuwa ndi makina a X-ray ndiponso poyeza mphamvu ya mpweya umene munthu akupuma. Matendawa sachizika, komanso amachititsa kuti TB imugwire munthu mosavuta ndi kumubwerera, n'chifukwa chake wodwala wotere sayenera kubwezedwa ndi botolo la mankhwala a chifuwa popanda kumuuza tsiku loti adzaonedwenso.

Kodi dokotala wa dziko lino angakhale bwanji osadziwa kumene amuna a msinkhu umenewu adachokera? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera mwa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchitoyi TEBA isadabwere. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Kamuzu Banda adaletsa ulendowu, koma mu 1977 anthu adayambanso kupita kudzera mwa TEBA, mpaka pamene kulemba anthu kudatha mu 1988 chifukwa cha mkangano wa kuyeza HIV. Palibe boma m'dziko muno lopanda mdala amene adatsikako pansi. Ena adabwera ndi njinga, wailesi ndi malata, ndipo mbali ina ya malipiro awo inkatumizidwa kuno kwathu, dziko n'kumapezerapo ndalama zakunja. Fumbi adabwera nalo m'chifuwa, ndipo lero akuuzidwa kuti ndi ukalamba.

Chimene chikundikwiyitsa koposa n'chakuti mzere umodzi umene dokotalayo adakana kulemba ndi umene umatsegula kapena kutseka khomo la chipukuta misozi. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a golide, omwe ndi Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony, Sibanye-Stillwater ndi African Rainbow Minerals, adagwirizana zolipira ndalama pafupifupi 5 biliyoni za rand kwa odwala silicosis ndi TB ya kumgodi, ndipo bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg lidavomereza mgwirizanowu mu July 2019. Bungwe la Tshiamiso Trust ndi limene likugawa ndalamazi kwa amene adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, posayang'ana dziko limene munthu adachokera. Koma bungweli sililipira chifukwa choti munthu akutsokomola. Limafuna umboni wa ntchito ndi umboni wa achipatala, ndipo lidapatsidwa zaka zowerengeka zoti ligwire ntchito yake. Munthu akamwalira, mkazi wamasiye ndi ana amafunsidwa zikalata zosonyeza chimene chidamupha. Ngati buku la kuchipatala limangonena za chifuwa wamba kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, banjalo lidzaonetsa chiyani? Dokotala amene wanyozera kufunsa funso limodzi walanda banja lonse ufulu wake, ngakhale iye mwini sakudziwa kuti watero.

Ndikudziwa kuti achipatala athu ndi ochepa ndipo mzere wa odwala umafika panja. Ndimawalemekeza pa ntchito yolemetsa imeneyi. Komabe kufunsa kuti, "Bambo, munkagwira ntchito yanji?" sikufuna makina, sikufuna magetsi, ndipo sikudikira ndalama za mabungwe akunja. Mlandu waukulu ndikuupereka kwa akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo ndi Unduna wa Zantchito, chifukwa mu August 2012 atsogoleri a maiko a SADC adasainira ku Maputo chikalata cholonjeza kulimbana ndi TB m'migodi, chimene chimatchulanso silicosis ndi anthu amene adasiya kale ntchito ya kumgodi. Ngati lonjezo limeneli silidafike patebulo la dokotala wa kumudzi, ndiye kuti wina wake mu unduna sadamalize ntchito yake, ndipo aphungu athu a Nyumba ya Malamulo ali ndi udindo womufunsa.

Nkhaniyi sikuthera pa madala a TEBA okha. Ku Rumphi anyamata akulowa m'migodi ya malasha. M'mphepete mwa misewu ya m'mizinda yathu amayi akuswa miyala ndi hamala tsiku lonse, mwana ali kumsana, onse akupuma fumbi limodzi. Ku Makanjira ndi madera ena anthu akukumba golide m'maenje opanda chotchingira pamphuno. Tili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 komanso lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000, koma woswa miyala pamsewu alibe bwana woti lamulo limugwire, ndipo sadziwa n'komwe kuti fumbi limene amalisasa pansalu madzulo lalowanso m'mapapo mwake. Pamene boma likutiuza kuti migodi ya ku Kayelekera, Kangankunde ndi Kasiya idzatukula chuma, ndikufuna kumva nduna ikunenanso kuti mapapo a ogwira ntchito kumeneko aziyezedwa polowa ntchito, ali pantchito ndiponso potuluka, komanso kuti zotsatira zake zizisungidwa pamalo poti mwini wake angazipeze patatha zaka 30.

Pempho langa ndi ili. Unduna wa Zaumoyo ulamule kuti aliyense wobwera ndi chifuwa chokhalitsa azifunsidwa za ntchito imene adagwirapo, yankho lizilembedwa m'buku lake, ndipo amene watchula mgodi azitumizidwa kukajambulidwa chifuwa ngakhale makhololo asaonetse kanthu. Magalimoto a X-ray amene amayenda pofufuza TB aziima kwa mafumu pa tsiku lolengezedwa pawailesi, kuti madala a TEBA asavutike ndi ndalama za ulendo, ndipo ofesi ya zantchito pa boma lililonse iwathandize kupeza nambala zawo za kumgodi popanda kulipiritsa.

Mdzukulu wodandaula,
Ntcheu